Zidina za Kuseri kwa Thokoza

Pa nkhani yonenerera, panalibe munthu ku Joni konse amene akanandiposa. Ndinkanena zimenezi poyera, ngakhale pamaso pa eni masikirapu a ku Alrode, kogulitsa zitsulo ndi zomangira zakale, anthu oti akhoza kukugulitsa msomali wopindika n'kukuuza kuti ndi mmene amapangira masiku ano. Ndinagulapo chitseko pa mtengo wa loko wake, mwini wake n'kundithokoza. Ndiye mkuntho utasasula theka la dera lathu kuseri kwa Thokoza, anthu ali kakasi, ine ndinauza mkazi wanga kuti apukute misozi, pofika Khirisimasi adzakhala akukolopa m'nyumba ya njerwa.

Mkunthowo unabwera masana, nthawi ya mvula zoyamba. Mphepo inayamba ndi madenga, kenako madzi a m'khwawa anakwera n'kudzamaliza zotsala. Ife tinkakhala mumkuku, kanyumba ka malata kokhakokha, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu amene tinkamutchula kuti mastende, ndiye kuti mwini malo. Malo anali ake, malata anali anga. Kuno zimayenda choncho. Umalipira pansi pokha, ndipo mukayambana umazula misomali, n'kukweza nyumba yako pa bakhi, kagalimoto kapikapu, n'kumapita.

Madzi ataphwa, aliyense anali pamsewu kusaka denga lake. Malata anga atatu ndinawapeza atakhomedwa kale pa mkuku wa bambo wina wa mzere wachitatu. Ndinamuonetsa penti wobiriwira amene ndinapaka ndekha. Iye anandiyang'ana kuchokera pamwamba, hamala ili m'manja.

"Iwe Malawi, malata akowa ali ndi pasipoti?"

Anzake anafa nalo phwete. Panali patangopita zaka zochepa chichitikireni zija za 2008, pamene anatithamangitsa ndi zikwanje, ndipo ena mwa osekawo ndinkawakumbukira nkhope. Ndinasekako nanenso, n'kubwerera.

Tinagona masiku angapo muholo ya m'deralo, mbali imene denga linatsala. Akhonsolo anabwera ndi malata atsopano ndi mabulangete, koma polemba mayina ankafuna kabuku kobiriwira ka nzika. Ife tinangothandiza kutsitsa katundu m'lole. Ntchito yomanganso khoma la holoyo itayamba, kontilakitala ananditenga tsiku loyamba lomwe ataona mmene ndimagwirira chingwe ndi levulo. Kutacha ndinapeza wapampando wa komiti ya dera ataima pageti ndi anyamata ake. Anati holo ndi ya ana a pano, ndipo amanga ndi ana a pano. Anamangadi. Khomalo lilipo mpaka lero, lili ndi mimba ngati ladya pamaliro.

Apa m'pamene ndinatembenukira kwa mastende. Nayenso denga linapita. Malata analandira, koma womukhomera analibe, chifukwa mwana wake wamwamuna, chimunthu cha ndevu zake, ntchito yake inali kukhala pa kireti n'kumayang'ana odutsa. Ndinamupeza mayiyo akuyanika matiresi.

"Mama, denga lanu ndikhoma ine, ndipo silidzadontha."

"Ukufuna chiyani? Inu simuchita chinthu chaulere."

"Malo omwe aja. Ndimangepo chimene ndikufuna, ndipo mundisiye osandilipiritsa mpaka mvula ziwiri zidutse."

Ndinali nditakonzeka kutsika mpaka mvula imodzi. Ndinali ndi nkhope yanga ija yonyamuka ngati ndikupita, ndinali ndi nkhani ya mkazi wanga wodwaladwala, amene kunena zoona sanadwalepo ngakhale chimfine. Zonsezi sizinagwire ntchito.

"Umanga ndi chiyani, poti malata anakubera?" anafunsa.

"Njerwa."

"Njerwa?" Anasiya matiresi aja. "Khala pansi, mwana wanga, ndikuthirire tiyi."

Zaka zinayi ndili pakhomopo anali asanandipatsepo ngakhale madzi akumwa. Munthu aliyense wa pamsika amadziwa kuti wina akavomera msanga chotere, pali chimene waona iwe usanachione. Ine ndinamwa tiyiyo n'kupempha shuga wowonjezera.

Madzi osefukira aja anasiya dothi lofiira kumapeto kwa yadi, lomata bwino ngati la kwathu ku Ntcheu. Ndinakhoma chikombole ndi matabwa a mapaleti, n'kuyamba kuponda matope. Kuotcha sikukanatheka, nkhuni kulibe, ndipo utsi wa uvuni ukanaitana apolisi. Ndiye zinali zidina basi, njerwa zosaotcha, zouma ndi dzuwa, mitambo ikachita mdima ine ndi mkazi wanga n'kumathamanga ndi mapepala a pulasitiki. Anthu a mumzere ankaima pa waya kumaonerera.

"Bwerani mudzaone, Malawi akuphika buledi wa matope!"

Lamlungu lina kunabwera madala ena a kwathu, amene anagwirapo ntchito m'migodi kalekale n'kutchona. Anazungulira maziko anga kawiri ndi ndodo yawo.

"Mphwanga, ukumanga pa malo a ndani?"

"Tinagwirizana, madala. Ndinamupanikiza mpaka anavomera zonse."

"Ine ndakhala kuno iwe usanabadwe, ndipo sindinamangepo chinthu chimene sindingathe kuchikweza pa galimoto. Ukuganiza kuti chikombole sindichidziwa?"

Ndinawauza kuti nthawi yawo inali ina, ndipo mwamuna sangakalambire m'chitini ngati nsomba. Iwo anangoti chabwino, n'kupempha madzi osamba m'manja ngakhale sanakhudze kanthu.

Nyumba inatha kutatsala sabata kuti Khirisimasi ikwane. Zipinda ziwiri, zomangira matope, kunja n'kupaka pulasitala wa simenti wopyapyala. Malata, mitanda, chitseko ndi windo ndinakazitenga ku Alrode nditakangana ndi mwini sikirapu tsiku lathunthu. Ndinaikanso kakhonde, mkazi wanga n'kumakapaka polishi wofiira mmawa uliwonse. Iye anabadwira ku Zimbabwe, makolo ake ndi a kwathu, ndipo moyo wake wonse anali asanagonepo m'nyumba yoti n'kuitchula yake. Masana kunja kukutentha, mkati munkazizira bwino. Oseka aja anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzagwira khoma. Ine ndinkakhala pakhondepo miyendo ili tambalale, kupereka moni ngakhale kwa anthu amene sanandiyang'ane.

Tinakhalamo miyezi iwiri. Kenako mwana wa mastende anapeza mkazi.

Mastende analowa mmawa wina osaodira, tikumwa tiyi. Anayang'ana kudenga, anasuzumira kuchipinda, ngati munthu amene akuyesa nsapato.

"Malawi, mwana wanga akufuna pokhala ndi mkazi wake. Mutuluke pofika Loweruka."

"Mama, tinati mvula ziwiri."

"Yagwa kangati chimangireni? Ine ndawerenga kasanu ndi kawiri."

"Mukudziwa bwino zimene tinagwirizana."

"Unalemba pati? Pa matope?"

Ndinakasuma kukomiti, poti kupolisi munthu wa mapepala ngati anga sapitako dala. Amene ankaweruza anali wapampando yemwe uja anandibweza pageti la holo. Tinakhala muholo momwemo, pansi pa khoma la mimba lija. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma, kenako anafunsa funso limodzi, kuti malowo ndi a ndani. Ndinati ndi a mayiwa.

"Ndiye vuto lili pati? Lamulo la pano ukulidziwa. Mwini malo akatopa nawe, umanyamula nyumba yako n'kumapita. Nyamula."

Holo yonse inaseka, mpaka amayi ena kugwira m'mimba. Ndinadikira kuti atope.

"Akuluakulu, ndamva. Ndiye chilichonse chimene chingazuke ndi hamala n'changa?"

"N'chako. Ukafuna tengako ndi matope m'thumba."

Loweruka ndinakwera padenga dzuwa likutuluka. Ndinazula msomali uliwonse n'kuuwongola. Ndinatsitsa malata, mitanda, chitseko ndi felemu yake, windo, ngakhale waya woyanikira zovala. Mkazi wanga ankalandira pansi. Mwana wa mastende anakokera kireti yake pafupi kuti aonere bwino.

"Tenga, kwerekwere wobwera iwe, tenga. Malata amagulidwa. Makoma watisiyira, siyabonga."

Anathokozadi, m'chilankhulo chake. Panali chinthu chimodzi chimene mwana aliyense wa kwathu amadziwa, chimene iwo, anthu a simenti ndi malata, sankachidziwa. Chidina chimalimba ngati mwala chikakhala ndi chipewa. Ukachivula denga mwezi wa Febuluwale, madzi amalowa pamwamba pa khoma, kuseri kwa pulasitala, ndipo chimakumbukira kuti ndi dothi. Akanangoyala pulasitiki pamwamba pa makomawo tsiku lomwelo, bwenzi nyumba ilipo. Mawuwo anafika pakamwa panga, poti makomawo ndinawaumba ndi manja angawa. Ndinawameza, n'kuuza wa bakhi kuti tiyeni.

Tinakapeza kamalo ku Etwatwa, kuseri kwa shopu ina, kutali ndi aliyense wotidziwa. Malata a denga la zipinda ziwiri ukawagawa kuti akhale makoma ndi denga lomwe, amatulutsa kachipinda kamodzi koti ukatambasula mwendo wagunda mphika. Mvula inagwa sabata yonse imeneyo, ikulira pamalata mpaka osamvana, ndipo mwina zinathandiza, chifukwa mkazi wanga analibe nane mawu.

Patatha masabata atatu ndinali ndi ganyu ku Alrode, ndipo pobwerera miyendo inandipititsa ku mzere wathu wakale. Mwana wa mastende uja anali akusakabe malata otchipa. Khoma lakumbuyo linali litagwa lonse, lam'mbali litakhala pansi ngati ng'ombe yotopa, pulasitala ali mbee ngati zigoba za mazira. Matope ofiira anayenderera pa yadi n'kulowa m'khitchini mwa mastende. Ndinamupeza akuwakokolola ndi fosholo, siketi atakwinyira m'mawondo. Mpongozi uja ndinamva kuti anabwerera kwawo. Mastende atandiona pa waya anaponya fosholo pansi.

"Mfiti iwe! Unaithira mankhwala nyumba ya mwana wanga!"

Anthu anayamba kutuluka m'mikuku, ndipo mawu akuti mfiti akanenedwa kwa mlendo m'dera ngati lija, suyembekeza kuti ufotokoze za dothi. Ndinathamanga mpaka pa siteji ya matakisi, nsapato imodzi n'kuisiya m'ngalande.

M'takisimo ndinkaseka ndekha, phazi lili pa chitsulo chozizira, mpaka mayi amene ndinakhala naye pafupi anasuntha. Nditafika ndinafotokozera mkazi wanga zonse, ndikuyembekeza kuti aseka nane. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandipempha kuti ndisunthe mwendo poti ankafuna kutsegula chitseko.

Inu amene mwawerenga, tandiuzani, pamenepa anapambana ndani?