Makutu a Mayi Mwati

Amene mukufalitsa zoti azakhali anga anawachotsa ntchito kunja kuno chifukwa chogontha, ati pano akutsuka mbale mu lesitilanti, tsekani pakamwa. Wogwira zidebe kuno ndine, ndipo ndimakolopa pasukulu yomweyo imene iwo amaphunzitsa Chingerezi. Sukulu ndinalekera panjira, koma maso ndili nawo.

Anabwera ali ndi zaka 64, atapuma kale pantchito kwathu, atanyamula sutikesi imodzi ndi jasi yobwereka yofika m'mapazi. Anawapatsa kalasi imene aphunzitsi achinyamata onse anaikana: akuluakulu okhaokha, madalaivala a mabasi, anamwino, ndi bambo wina wometa tsitsi. Ophunzirawa galamala ankaidziwa kuposa buku, koma kuyankhula, ayi ndithu. Ukawafunsa ankayankhira m'kolala, maso padesiki, ngati akuulula tchimo.

Azakhali anangoika dzanja kukhutu. "Mwati?"

Mawu athu omwewa, osamasulira. Dalaivala wina anabwereza yankho lake. "Mwati?" Anakweza pang'ono. "Mwati?" Kachinayi bamboyo anaimirira, nkhope ili psuu, n'kukuwa chiganizo chonse mpaka ine pakhonde ndinagwetsa mopu. Pasanathe miyezi itatu kalasi ija inkasokosa ngati msika, ndipo onse ankawatchula Mayi Mwati.

Mkulu wa sukulu, mtsikana wa nsapato zogogoda wobadwa dzana lomweli, anamva zoti gogo wa m'chipinda chachitatu samva. Iye akapanda kusaina, chilolezo chokhalira m'dziko muno chitha, azakhali n'kukwera ndege. Anati abwera kudzaonerera.

Ndinawakokera m'kachipinda kosungira zidebe. "Azakhali, mawa lokha musagonthe."

"Mwati?"

"Musandiyambe! Dzulo munandimva ndikutsegula mabisiketi anu inu muli kubafa."

"Iwe kolopa. Zauphunzitsi usiyire eni ake."

Tsikulo ndinakolopa malo amodzi pakhomo pa kalasi mpaka matailosi anayamba kundionetsa nkhope. Bwana wa nsapato zogogoda uja anakhala kumbuyo ndi kope. Ophunzira atamuona anabwerera m'makolala mwawo. Namwino wina ananong'ona yankho, azakhali: "Mwati?" Cholembera cha bwana chinayamba kuthamanga. Ndinati basi, tikalongedze.

Kenako bwana anaimirira n'kunena mwaulemu, chapansipansi, kuti mwina ntchitoyi yawakulira mayiwa. Azakhali sanatembenuke n'komwe. Anatembenuka ndi wometa uja, munthu amene poyamba ankachita chibwibwi ndi dzina lake lomwe. Anayankhula Chingerezi mphindi zisanu zathunthu, osapumira, osayang'ana pepala. Namwino anamudula mawu, dalaivala anadula namwino, onse kulimbirana kuteteza gogo wawo m'chilankhulo chimene ankachiopa ngati ngozi.

Atatha, azakhali anatenga choko. Analemba pabolodi mneni mmodzi amene wometa analakwitsa. Pansi pake analemba mawu onse amene bwana ananena chapansipansi aja, osasiyako ndi limodzi lomwe, n'kukonzamonso pamene bwanayo anaphonya. Mtsikana uja anawerenga kawiri, natseka kope lake pang'onopang'ono.

Azakhali akuphunzitsabe, anawasainira zaka zina ziwiri, ndipo makutu awo ndi abwinobwino.