Nyimbo ya aJailosi m'shedi ya fodya

Iyayi, dzina lake sindilidziwa, ine sukulu ndinaionera kuti? Koma nyimbo wandimvetsa pafoniyo, yopanda ng'oma yopanda mawu, imene mkulu wako akufunsa, yomwe akuti waimva poyambira filimu, umuuze kuti agogo anaimva kalekale. Lemba.

Pafupi ndi ife ku Mlonyeni kunali aJailosi, mkamwini, amene kale anali khukhi wa mzungu ku Fort Jameson. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la bango lonyowa, pakuti ankakhala pansi pa mtengo wa mango kusoka mphasa, uku akung'ung'udza nyimbo yosadziwika mutu wake, mmmm, kukwera, kutsika, maso ali chitsinzinire. Apongozi awo, aNabanda, anati, "Munthu uyu wabwera ndi misala. Nyimbo yanji yosavinika? Tikakolola ndimusudzula." Mkazi wa aJailosi ankangolira.

Ndiye kunabwera galimoto ya kanema pa boma, nthawiyo tinkati Fort Manning. Tinapita wapansi mudzi wonse, ine ndili kamtsikana. Anatilowetsa m'shedi ya fodya masanasana, mazenera atatseka ndi masaka, fumbi la fodya likutiyetsemulitsa. Chinsalu cha kanema chimene anapachika kungoti mbee, taona mapiri oyera, kenako nyimbo.

Mayo ine! Nyimbo ya aJailosi! Yomweyo, osasiyana ngakhale pang'ono. Tonse tinawatembenukira kukamwa kuli yasa.

Iwo anaimirira, misozi ili chuchuchu. "Imeneyi ndinkaipukusa ndine pa galamafoni ya bwana. Tamverani, tsopano alowa zeze wamkulu." Zeze wamkulu analowadi. "Apa akhala chete." Zii! Ndiye anakweza dzanja, nyimbo n'kuphulika ngati matalala pa malata.

Kuthawatu kumeneko! Azimayi kupondana pakhomo, ana kulira, wina kukuwa kuti aJailosi akulamula makina a azungu. ANabanda ndiwo anali patsogolo, kanemayo sanamuone n'komwe.

Zosudzula zija zinathera pomwepo. ANabanda ankati, "Munthu woti akakweza dzanja makina amamumvera, ndimuthamangitse ine? Ndatopa nawo moyo?" Mpaka anayamba kuwatumizira nkhuku, iwe!

Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinawafunsa aJailosi kuti nyimboyo imanena chiyani. Anati, "Siinena kanthu, mwanawe. Umangotchera khutu, kudikira amene alowe." Mpaka lero yamtunduwu ikalira pa wailesi, ngakhale ndili ndi lichero m'manja ndimaliika pansi, kudikira.

Walemba zonse? Usayambe zokonzakonza zakozo. Tumiza pompano.