Chikhomo cha Ngodya ya Kum'mawa

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene wandisunga kufikira imvi zino ndi nzeru zanga zosasokonekera.

Masiku a chitaganya tinkamanga nyumba ya mapemphero m'mudzi mwathu, kufupi ndi Sinda. Ine ndinkakhoma zikhomo ndi kukoka zingwe za maziko, aphunzitsi a pasukulu yathu ndiwo ankayeza. Pa ngodya iliyonse ankadutsitsa chingwe chachitatu pakati, n'kuyeza timangodya tiwirito ndi kachitsulo kawo ka kusukulu. Ankati tikaphatikizidwa tizikwana makumi asanu ndi anayi, apo ayi khoma lidzakhota.

Ngodya zitatu zinakwana. Ya kum'mawa, yoyandikana ndi kathengo, madzulo inkakwana, koma kukacha inkapitirira. Chikhomo tinkachipeza cholimba, dothi losalala, popanda phazi la munthu ngakhale la mbuzi. Masiku atatu chimodzimodzi.

"Aphunzitsi, kachitsulo kanuka kamalawa kachasu?" anatero mkulu wa mpingo. Palibe anaseka. Ena anali atayamba kale kunong'ona za mfiti. Tinapemphera, n'kugwirizana kuti mawa tikumbe basi, motsata muyezo wa aphunzitsi.

Ndinalawira ndi khasu. Kunali nkhungu, mbalame zili zii. Pangodya paja ndinaona chinthu chowerama, chikuyenda chambuyo, chikusesa pansi ndi nthambi. Ndinatchula dzina la Yesu mokweza, chinthucho n'kuweramuka. Anali mkazi wanga.

"Mukutani kuno, amayi?"

"Musakumbe apa, abambo."

Chaka chapitacho iye anali atapita padera. Kwathu mwana wotere amaikidwa ndi akazi okhaokha, popanda kulira, ndipo mwamuna sauzidwa malo. Inenso sindinafunsepo.

"Ali pano?"

Anangoyang'ana pamene chingwe chinadutsa dzulo lake, iwo asanasunthe chikhomo usiku.

Amuna atafika ndinati tikumbe monga chikhomo chilili.

"Khoma likhota, achimwene," anatero aphunzitsi.

"Likhote."

Mkulu wa mpingo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana amayi a m'mudzi amene anaima patali, mitsuko ili pamutu, osapita kuchitsime. Anavula chipewa, n'kutenga khasu langa, nayamba kukumba yekha mzere wokhotawo.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni pamodzi ndi ana anu, amene muli nawo ndi amene sanapatsidwe dzina. Mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Ameni.