Maluwa a Mpiru wa Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu inakhala yaulere, zipani zitangochuluka kumene. Ndinali ndi zaka khumi, kamtsikana kolota masana, kwathu ku Ligowe. Tinkaphunzirira pansi pa mtengo, ndipo aphunzitsi ankatiwerengera buku lina lothothoka chikuto. M'bukumo munali munda wodabwitsa, wopanda mizere, wopanda khasu, maluwa okhaokha, mwana wa mfumu akungoyendamo n'kumanunkhiza. Ine mtima wanga unatsalira momwemo. Dimba la amayi, lonunkha manyowa a mbuzi, ndinayamba kuchita nalo manyazi.

M'mawa wina m'nyengo yozizira, nkhungu isanachoke m'khwawa, amayi anandituma kukathirira. Pangodya ya dimba panali mpiru wina umene anausiya kuti utalike, ataumangirira tinsanza. Kwathu kansanza kankatanthauza kuti dzanja lisafikepo. Ndinkadziwa ndithu, koma ndinadzinamiza kuti lamulolo ndi la masamba basi. Mpiruwo unali utachita maluwa achikasu, mame akunyezimira, njuchi zikuimba. Ndinathyola onse, osasiya ndi limodzi lomwe. Ndinakawazika pamchenga m'mbali mwa mtsinje, n'kuzunguliza timiyala, kenaka ndinaponya chitenje paphewa ndi kumayenda monyang'wa, ine mwana wa mfumu wa mapazi ong'aluka. Zothirira zija ndinaiwaliratu.

Dzuwa litakwera, munda wanga wonse unafota. Ndi mmene amayi anandipezera.

Sanandikwapule, bola akanatero. Anangokhala pansi pamzere, kansanza kali m'manja. Anandiuza kuti mbewu ya mpiruwo anawapatsa ndi achemwali awo, amayi aakulu, amene tinali titawaika m'manda chaka chathacho. Iwo anachokera nayo ku Matope, ndipo chaka ndi chaka amayi ankaikolola n'kuisunga m'kabotolo. Njere zonse anali atafesa kale. Zimene ankayembekezera ndi zomwe zinali gone pamchenga paja.

"Mwanangu," anatero motsitsa mawu, "duwa la m'dimba sitikongoletsera. Ndi ndiwo za chaka chamawa."

Mpiru uja unayesa kuphukira, koma kutentha kunafika, nsabwe za m'masamba n'kumaliza. Amayi anayenda khomo ndi khomo kwa amene anawagawirako mbande. Ena anali atadya wonse, ena mbuzi zinawalowera. Pomaliza anakagula mbewu ya m'pepala ku boma. Inamera bwino, masamba aakulu ngati makutu a njovu, koma tikaphika amayi ankangotafuna, kukoma kwa mpiru uja osakumva.

Lero ndine mayi wa ana, ndimalembako nkhani, ndipo minda ya m'mabuku ndimaikondabe, sindinganame. Koma ndikawerenga za duwa lothyoledwa kukapatsa wokondedwa, ndimaima kaye n'kufunsa kuti kodi njere zake ankaziyembekezera ndani. Amayi anafika pomwalira osalawanso mpiru wa achemwali awo, ndipo mpaka pano zimandiwawa.