Laputopu ya agogo ndi filiji ya Bana Mwansa

Agogo anga aamuna, a Chisale, ankanunkha girisi ngakhale atangosamba kumene. Panali patapita zaka zambiri atapuma ntchito yokonza injini za sitima, koma fungolo linali litalowa m'zikhadabo ndi m'mizere ya m'manja mwawo, ndipo mpaka lero ndikawaganiza ndimalimva litasakanikirana ndi utsi wa mbaula ndi fumbi lakuda lija la kwathu ku Chowa, m'tauni ya Kabwe, limene mphepo ya m'chilimwe inkalitenga pa milu ya mgodi wakale n'kudzalithira pa zovala zoyanika, m'mbale, ngakhale m'mano. Masana ankakhala pakhonde, pa mpando wa minibasi umene anautola kwinakwake, anthu n'kumawabweretsera zinthu zakufa: wailesi, mapampu a njinga, makina osokera. Ana a m'dera lathu ankawaitana kuti bashikulu, monga aitanira gogo aliyense m'Chibemba, koma iwo ankayankha m'Chichewa cha kwawo ku Dedza, chimene sanachisinthe chichokereni kumeneko ali mnyamata kudzafuna ntchito kumgodi.

Chinthu chikabwera sankathamangira kumasula. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa makinawo, chogwirira n'kuchiika kukhutu, kenaka n'kutsinzina ngati munthu wopempherera chakudya. "Usamasule usanamve," ankandiuza. Ine ndinkavomera ndi mutu uku ndikuseka chamumtima. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndinkadziwa njira ya ku kafe ya intaneti m'tauni, ndiponso amayi ankatuma ine kumsika chifukwa ndinkatha kuumiriza wogulitsa tomato mpaka atsitse mtengo n'kundiikiranso mbasela. Munthu wotereyo angamuuze chiyani mkulu wa masitima?

Laputopu inabwera ndi malume Yobe, mwana womaliza wa agogo, amene ankayendetsa lole. Ulendo wina katundu anawafikitsa ku Malawi, ndipo anapatuka kukafunafuna mudzi wa bambo awo. Anakapeza mlongo wa agogo, a Nachisale, akadali moyo, nawajambula vidiyo pa foni. Atabwerera anaikopera mu laputopu yakale imene anagula kwa mnzawo, n'kuisiya kwathu. Foni ija inabedwa kumalire pasanathe mwezi. Mvula isanagwe chaka chomwecho tinamva kuti a Nachisale atisiya, ndipo agogo, amene mapepala awo oyendera anatha ntchito ine ndisanabadwe, sanapite kumaliro. Choncho mlongo wawo yense amene anatsala padziko anali m'kabokosi kakuda kaja, kothyoka pakona, kosowa mabatani awiri.

Vidiyoyo sinali yaitali. A Nachisale anakhala pamphasa, miyendo atatambasula, nkhuku zikudutsa kumbuyo. Iwo ankayesa kuti ndi foni yoimbirana, motero atapereka moni kuti, "Muli bwanji, achimwene?" anakhala chete kudikira yankho. Ndiye Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, agogo ankavula jekete, ine n'kuyatsa laputopu, ndipo pofika pa kampata kaja iwo ankayankha molemekeza kuti ali bwino, kaya kumeneko. Kenaka a Nachisale ankayamba kuwazazira: munthu wanji wopita kukagwira ntchito ya zaka ziwiri n'kutha moyo wonse, nsapato zimene analonjeza pochoka zili kuti, poti mapazi anachita kung'aluka akudikira. Ankaseka, n'kutsokomola, n'kutchula amene anamwalira mmodzimmodzi ndi pamene aliyense anagona. Agogo ankagwedeza mutu pa dzina lililonse ngati akulimva koyamba.

Koma laputopuyo inali ndi matenda ambiri kuposa mwini wake. Batire linafa kalekale, moti magetsi akangophethira nayonso inkazima. Chingwe cha chaja chinkafuna kuchigwira mwa mtundu wakewake, mpaka agogo anachidula, n'kulumikiza mawaya bwinobwino, n'kukulunga ndi tepi. Ikagwira ntchito pang'ono inkatentha pansi ngati chiwaya, fani n'kumalira, kenaka phi, mdima. Apo agogo anamvetsera ndi sikuludiraiva yawo n'kunena kuti chinthucho chikubanika. Anachotsa fumbi m'timabowo ndi nthenga ya nkhuku, anapopamo mpweya ndi pampu ya njinga, n'kuikhazika pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mphepo izidutsa pansi. Inasiya kuzima. Ine ndinauza anzanga kusukulu kuti ndakonza ndine.

Ntchito yanga yeniyeni inali ya pa sikirini. Ikauma osayenda, ndinkadina batani loyatsira mpaka izime, n'kuyatsanso. Ikakana, ndinkazula chaja, kuchotsa batire lakufalo, kudikira pang'ono, kubwezera. Nzeru zanga zonse zinali zomwezo, kuzimitsa ndi kuyatsa, koma ndinkazichita ndi nkhope ya dokotala.

Tsiku lina Lamulungu, a Nachisale ali pakati potchula akufa, chithunzi chinaima, pakamwa pawo pali yasa. M'kati munayamba kumveka kaphokoso kakang'ono, go, go, go, ngati chiswe m'denga. Ndinatambasula dzanja kuti ndichite zanga zija, agogo n'kundigwira pamkono. Anagunditsa sikuludiraiva kumanzere kwa mabatani, anatsinzina nthawi yaitali, kenaka anazula okha chaja kukhoma.

"Umu muli chinthu chozungulira, ndipo chikukhula pamene sichiyenera kukhula," anatero. "Ukayatsanso ukuchipala. Usayatsenso, Lazalo. Wamva?"

Ndinati ndamva. Iwo sankadziwa n'komwe kuti chinthucho dzina lake ndi disiki, kapena kuti zithunzi zimakhala mmenemo. Anangomva ndi khutu, ndipo lero, pamene ndagwira malaputopu osawerengeka, ndikudziwa kuti palibe katswiri akanalangiza zoposa pamenepo.

Lachisanu anandituma m'tauni kwa ba Zulu, munthu wa ku Petauke amene ankakonza makompyuta m'kakhonde kena kumbuyo kwa masitolo. Anandiuza kuti ndikafunse ngati angatulutsemo mlongo wawo, makinawo kaya afe. Ba Zulu anamvetsera nkhani yanga uku akudya chitumbuwa, ndipo ananena zomwezo za agogo: isayatsidwenso, ndiisiye, iwo achotsa disiki n'kuyesa kukopera pang'onopang'ono. Kenaka anatchula mtengo.

Apa m'pamene mzimu wa kumsika unandilowa. Ndinaseka kuseka kwanga kuja kwa pa tomato. Ndinawauza kuti ndi ndalama imeneyo ndikhoza kugula laputopu ina ndi mbewa yake yodinira yomwe, ndiponso kuti ku Bwacha kuli munthu amene angachite zomwezo ndi theka. Ku Bwachako sindinkadziwako aliyense. Ndinanyamula chikwama n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, khutu lili m'mbuyo, kudikira kuti andiitane monga amachitira onse. Ndinafika pakona. Nditacheuka ndinaona ba Zulu akusenda chitumbuwa chachiwiri papepala.

Kubwerera kunali kuchita manyazi, ndiye ndinapita ku kafe ya intaneti. Kumeneko ndinaiyatsa kanayi, kufuna kuonetsa mnyamata wa pakauntala mmene ikugogodera, ndipo ulendo wachinayi inagogoda mokweza. Iye anati nkhaniyo ndi yaing'ono, anaiwerengapo: disiki ikayamba kugogoda umaikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuiika mufiliji maola angapo, zitsulo za m'kati zimabwerera m'malo ndi kuzizira, ukatero umakopera zako msangamsanga. Malangizowo anali aulere. Ndinakwera minibasi ndikudziona ngati munthu amene wapulumutsa chuma cha banja, ndipo kunyumba ndinanama kuti ba Zulu sindinawapeze, abwera Lolemba.

Loweruka agogo atapita kumsonkhano wa kutchalitchi, ndinatenga kasikuludiraiva kawo komwe, ndinamasula pansi pa laputopu, n'kutulutsa disiki, kachitsulo kokwana m'dzanja. Ndinakakulunga m'pepala la buledi. Kwathu kunalibe filiji, koma Bana Mwansa, mayi wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, anali ndi yaikulu yotsekula pamwamba, mmene ankaumitsiramo maayisi a ana asukulu ndi nsomba zogulitsa. Ndinawauza kuti ndi ntchito ya kusukulu ya sayansi. Anandiyang'ana, nati ana a masiku ano, n'kukankhira kaphukusi kanga pansi penipeni kuti kazizire bwino.

Masana omwewo magetsi anazima m'dera lonse. Nditathamangira kwa Bana Mwansa ndinapeza loko pachitseko, iwo atakwera basi kupita ku Kapiri kumaliro a mlamu wawo. Lamulungu lonse ndinazungulira nyumba imeneyo ngati galu, kusuzumira pazenera, kukanda khoma, kupemphera mapemphero amene sindinawapempherepo m'tchalitchi. Magetsi anabwera Lolemba m'mawa, Bana Mwansa anafika masana. Atatsekula filiji, fungo linatibweza tonse awiri. Maayisi anali atasungunuka, nsomba zitafewa, ndipo kaphukusi kanga kanali pansi pa madzi ofiirira, pepala la buledi litadzaza ngati chikhodzodzo. Iwo ankalira nsomba zawo. Ine sindinathe ngakhale kulira.

Agogo sanandimenye. Bwenzi zili bwino akanandimenya. Analandira kachitsuloko, anakanunkhiza, anakapukuta ndi mpango wawo wa m'thumba, n'kukayanika padenga pa malata masiku awiri, akukatembenuza ngati chinangwa. Lachitatu anavala jekete, tinakwera minibasi limodzi mpaka kwa ba Zulu. Iwo anailumikiza ku kompyuta yawo, tonse atatu n'kuweramira pamenepo. Sinagogode n'komwe.

"Bashikulu, iyi yasila, palibe vamene ningachite," anatero ba Zulu. Kenaka anandiyang'ana ine. "Iwe mwaiche, si ndiwe unabwela pa Chisanu? Sin'nakuuze ati uisiye?"

Umu ndi mmene agogo anadziwira kuti ndinawapeza ba Zulu. Tinakwera minibasi kubwerera, n'kudutsa njanji. Apo agogo anati, osandiyang'ana, "Ukanangondiuza mtengowo. Njinga yanga ndikanagulitsa."

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, anavula jekete n'kukhala pamalo pawo. Laputopu inali pa zitsekerero zake, yotseka. Anandiitana, nati popeza ndinkaonera nawo nthawi zonse, ndiwauze zimene mlongo wawo ananena. Ndinayamba mwamanyazi, kenaka lilime linamasuka, poti mawu onse ndinkawadziwa ngati katekisimu. Ndinawazazira za ntchito ya zaka ziwiri, ndinatchula akufa m'ndondomeko yake, iwo akugwedeza mutu. Kuyambira tsiku limenelo laputopu ndinali ine. Anthu odutsa ankaona mnyamata akukalipira agogo ake pakhonde ndi mawu a nkhalamba yaikazi, ndipo ena ankafulumiza mapazi.

Zinapita choncho zaka zinayi. M'chaka chachitatu agogo anayamba kuiwala, miyendo inatupa, pakhonde anasiya kutulukira, ndipo nkhani ya kuzazira ija inayamba kuwaliza m'malo mowaseketsa. Tsono ine, amene lero ntchito yanga ndi kuona nkhope ya wogula n'kudziwa chimene akufuna kumva, ndinayamba kuwonjezera. Ndinati a Nachisale ananena kuti sanasunge mkwiyo. Ndinati ananena kuti amayi awo, pomwalira, anatchula dzina la mwana wawo wa ku Kabwe n'kuti achita bwino kukhala kumene kuli ntchito. Ndinaikamo mtengo wa mango umene akuti agogo anabzala, ukubala mpaka lero. Tsiku lina ananditsegulira diso limodzi ali chigonere.

"Ananena zimenezo?"

"Ananena, agogo."

"Ine sindinazimve bwanji?"

"Ndi paja tambala analira pafupi ndi foni."

Anatseka diso lija, nati inde, tambala uja akumukumbukira. Mu vidiyo munalibe tambala. Ndagulitsapo zinthu zambiri zokayikitsa pa moyo wanga, koma palibe chimene chinagulidwa msanga ngati chimenecho. Anamwalira chaka chotsatira, mwezi wa fumbi, atamva kukhululuka kumene mlongo wawo mwina anali nako, mwina analibe.

Lero ndili ndi kabenchi kanga m'tauni, ndimagulitsa malaputopu ndi mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito. Aliyense wogula ndimamuuza kuti zithunzi zake azisunga pawiri, ndipo amayesa kuti ndikufuna kumugulitsa fulashi, zimenenso ndi zoona. Wobwera ndi makina ogogoda ndimamulanda chaja m'manja asanayatse.

Miyezi itatu yapitayo ndinalandira uthenga pafoni kuchokera ku Dedza. Anali mdzukulu wa a Nachisale, mayi wa msinkhu wanga, amene anapeza nambala yanga kudzera kwa malume Yobe. Anati kwawoko alibe chithunzi cha agogo awo ngakhale chimodzi, ana ake amafunsa, ndipo anamva kuti kwathu kuli vidiyo. Ndinamuuza kuti inawonongeka, osatchula za nsomba. Iye anati palibe kanthu, achimwene, malume akuti inu mumaidziwa pamtima, ingojambulani mawu anu mutiuze zimene ananena.

Ndayesa kangapo, ndikatseka benchi madzulo. Ndimayamba bwino, koma ndikafika pakati ndimaima n'kufufuta. Za tambala ndi mango ndikudziwa kuti ndi zanga. Koma za kusasunga mkwiyo ndimazimva m'mutu ndi mawu enieni a a Nachisale, ndi kachifuwa kawo komwe, ngakhale ndikukumbukira bwino lomwe m'mphepete mwa bedi mmene ndinakhala pozipeka. Mayina a akufa ndikawerenga amakwana asanu ndi anayi, pamene ndili mwana ndikuyesa anali asanu ndi awiri, ndipo sindikudziwa kuti awiri enawo ndinawapha liti. Mayi uja amatumizabe moni Loweruka lililonse, mwaulemu, osandikakamiza. Ine ndimamuyankha kuti netiweki kuno ikuvuta.