Unauza?

Chitenje chatsopano chimene sichinalowepo m'madzi chili ndi fungo lakelake, la utoto ndi sitachi. Ndikangolimva, ngakhale m'sitolo za ku Kamwala, ndimapezeka ndili ku Dar es Salaam, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, thukuta lili kamukamu, dzanja langa lili m'dzanja la amayi.

Tinkakhala ku Kabwata, mu Lusaka, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Atate ankayendetsa malole otenga katundu kudoko la Dar es Salaam, poti njira ya kumwera inali yotseka masiku amenewo. Ankabwera ndi makokonati ndi nkhani za nyanja yopanda tsidya, zimene ndinkaziyesa bodza. Chaka china anangosiya kubwera, makalata nawonso n'kuphwa. Pofika tchuthi cha Ogasiti amayi analeza mtima mokwanira. Anauza azimayi a pamzere wathu kuti ayamba malonda a zitenje ndipo akwera sitima yapamtunda yatsopano yopita ku Dar es Salaam kukapikula. Ine anandiuza zoona akundiluka tsitsi, kuti tikupita kukafuna atate.

"Usauze munthu, Tisa, wamvela? Olo Mwape," anatero, akukoka tsitsi kuti mawuwo alowe.

Mwape anali mnzanga wa khomo loyandikana, mwana wa Chibemba. Koma ine pakamwa panga sipankagona nkhani. Madzulo omwewo, tikutunga madzi pampopi, ndinamuuza zonse, n'kumulumbiritsa ponyambita chala ndi kuloza kumwamba. Kuyambira pamenepo mantha anandikhala pachifuwa. Ndinkadziwa kuti ndawavula amayi pagulu, ndipo ulendo wonse wa sitima, kuchokera ku Kapiri mpaka kunyanja, ndinkayang'ana pazenera kuthawa maso awo.

Mzindawo unatilandira ndi kutentha konyowa, kosiyana ndi mphepo yafumbi imene tinaisiya ku Lusaka. Atate sananame: nyanja inalibedi tsidya. Padoko panali zombo zazitali kuposa nyumba zosanja za m'tauni mwathu, ndi ngalawa zamatabwa zokhala ndi nsalu zokokedwa ndi mphepo. Ponseponse pankamveka fungo la nsomba, mchere ndi zonunkhira zimene mayina ake sindinkawadziwa. Timisewu ta masitolo tinali topanikiza, nyumba zake zakalekale, zitseko zamatabwa zogoba maluwa, zovala zitayanikidwa m'makonde a m'mwamba. Amwenye ankakhala pakhomo akudzikupiza ndi nyuzipepala, munthu wa khofi akudutsa akuliza timakapu m'manja. Ndinaukonda mzindawo mwamanyazi, ngati mmene umakondera chakudya cha pamaliro.

Atate tinawapeza tsiku lachiwiri, dalaivala mnzawo atatilondolera. Anandinyamula, nati ndakula, kenaka anandisiya pakhonde ndi nzimbe iwo n'kulowa m'nyumba ndi amayi. Kuseri kunali mayi wina akuphika, khanda lili kumsana, ndipo palibe anandiuza kuti ndi ndani. Amayi anatuluka maso ali gwa, osalira.

M'mawa mwake tinapitabe kukagula zitenje, chifukwa kubwerera chimanjamanja kukanaulula zonse. Tinalowa m'sitolo ina yamdima, nsalu zitaunjikidwa mpaka kudenga. Amayi akusankha, mwini sitoloyo, mayi wonenepa wovala zakuda, manja ojambulidwa maluwa ofiirira, anandigwira pamkono pamene ndinavala chibangili changa cha mkuwa. Anandiyang'ana m'maso n'kufunsa mawu amodzi okha.

"Unauza?"

Ndinkamva kale kuti anthu a kunyanja ndi odziwa mankhwala, ndiye apa ndinati basi, mayiyu waona m'mtima mwanga. Ndinapukusa mutu, koma anafunsanso, akugwedeza mkono wanga ndi kumwetulira. Pamenepo ndinaphulika. Ndinalira mokweza, n'kuvomera kuti inde ndinauza, koma Mwape yekha, pampopi, ndipo analumbira kuti sakauza amake.

Mwini sitolo anandisiya mkono, kukamwa kuli yasa. Bambo wina wa ku Tunduma, kumalire, amene ankagula pambali pathu, wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, ndiye anamasula mfundoyo. Anati m'Chiswahili mawu akuti kuuza amatanthauza kugulitsa. Mayiyo wangosirira chibangili, akufunsa ngati ndikugulitsa.

Ndinadikira khofi la pa tsaya. M'malo mwake amayi anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsamira mulu wa nsalu, ndipo kusekako kunasanduka kulira osadukiza pakati. Mwini sitolo anawakhazika pampando, anatseka chitseko chimodzi kuti odutsa asaone, n'kuitanitsa tiyi wa tsabola. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, azimayi awiri osamvana chilankhulo akusankha zitenje limodzi.

Titafika ku Kabwata ndinkayembekeza kuti mzere wonse utizinga ndi mafunso. Azimayi anabweradi, anatambasula zitenje pakhonde, kuyamikira mitundu, kukangana za nsalu yobiriwira. Za atate sanatchule ndi mmodzi yemwe. Bana Mwape, amake a mnzanga uja, potuluka, anangogwira amayi paphewa.

"Mwabwelako bwino, Amake Tisa. Ndiye cikulu ico."

Ine ndinasangalala kuti Mwape wasunga lumbiro, ndipo kwa zaka zambiri ndinkamutama kuti ndi mnzanga wa chinsinsi. Anadzandiuza titakula, tonse tili pabanja, kuti anawauza amake tisanamalize n'komwe kutula ndowa, ndipo amakewo anamuyankha kuti nkhaniyo ndi yakale, atseke pakamwa. Mzere wonse unkadziwa kumene tinkapita, ena ankadziwa ndi za khanda lija. Ndinali mwana, ndinkayesa kuti ulemu wa amayi uli pakamwa panga ndekha. Chonsecho unali pakamwa pa azimayi khumi a ku Kabwata, okonda miseche ngati ine ndemwe, amene anagula zitenje zosazifuna kuti mnzawo alowe m'nyumba mwake mutu uli m'mwamba.