Mabasi Anayi, Raketi Imodzi ndi Apongozi Anga

Tinanyamuka ku Chawama, mu Lusaka, Loweruka cha m'ma seveni koloko m'mawa, mphepo ya Ogasiti ikutithira fumbi m'maso. Tinali atatu: ine, mwana wanga Taonga wa miyezi khumi ali kumsana, ndi apongozi anga, amene sindinawaitane. Iwowa anabwera kuchokera ku Katete kudzaona mdzukulu kwa sabata ziwiri, koma apa n'kuti mwezi wachinayi ukutha.

Ulendowu unali wofuna ntchito. Ndili mtsikana ndinkasewera tenesi pa kabwalo kena ku Kalingalinga, ndipo ndinkamenya ndithu mpaka ukwati unandilanda raketi. Lachitatu a Mwansa, kochi amene anandiphunzitsa, anandiimbira foni kuti akufuna mzimayi woti aziphunzitsa atsikana. Anati ndikafike thu koloko masana Loweruka, akaone ngati dzanja langa likadali lomwe lija, apo ayi malowo apatsa wina. Vuto linali loti raketi yanga ndinaipeza kuseri kwa wadiropu zingwe zitaduka pakati, ndipo munthu yekhayo amene ndinkamudziwa kuti amaziluka anali ku Matero.

Chinandilimbitsa mtima ndi mzimayi wina wa ku Germany amene ndimakonda kumuonera pafoni. Anayamba tenesi ali wamng'ono, anapumira kuti akabereke, kenaka anabwerera pabwalo n'kumagonjetsa atsikana oti thewera sanaligwirepo. Nditawaonetsa apongozi, iwo anangoona siketi basi.

"Kansalu aka ndiko kovala mayi wa mwana? Ndipita nawo kumeneko. Ndipo chitenje chisachoke m'chiunomo, amake Taonga."

Minibasi yopita m'tauni inali makwacha khumi munthu mmodzi. Tisanafike n'komwe pa msewu wa Kafue, kondakitala anali atayamba kale kuiyang'anitsitsa raketi yanga.

"Ba sista, aka kopayira udzudzu mugulisa zingati? Kwathu ku Kuku tavutika maningi."

"Ni raketi ya tenesi iyi."

"Ilibe batire?"

"Ilibe."

"Manje ipaya bwanji?"

Basi yonse inaseka, ndipo kuti ndidzipulumutse ndinatulutsa foni n'kuonetsa mzimayi wa ku Germany uja. Foni inayenda mpaka mpando wakumbuyo. Nditanena kuti ameneyo ndi mayi wa mwana, mzimayi wina wonyamula beseni la tomato anagwira pakamwa. Apongozi ndiwo anafunsa funso limene linandisowetsa mtendere tsiku lonse.

"Nanga akamathamanga chonchi, mwanayo wamusiyira yani?"

Wina anati wantchito. Wina anati azungu amangomuika m'kangolo n'kumupatsa botolo. Dalaivala anati mwamuna wake, ndipo azimayi onse anaseka mpaka misozi. Ine mzungu ameneyu ndinali nditamuonera kambirimbiri, koma funso limeneli linali lisanandibwerere m'mutu.

M'tauni tinatsika itadutsa eyiti. Tinagula zitumbuwa zinayi ndi mahewu, apongozi akudandaula kuti zitumbuwa za mu Lusaka ndi mpweya wokhawokha, koma anadya zitatu. Basi ya ku Matero inali makwacha khuminso, ndipo inatenga nthawi kuti idzaze moti Taonga anayamwa, kugona, n'kudzukanso tikadali pomwepo.

Teni koloko itakwana tinali pakhonde pa a Chanda, mkulu wa imvi amene anaphunzira kuluka maraketi ku migodi ali mnyamata. Masiku ano amasoka nsapato, ndipo makina ake olukira anali pakona atawafunditsa thumba la ufa. Anandizindikira nthawi yomweyo.

"Iwe Tisa! Wakula, wabala na mwana! Leta raketi tione."

Anaitembenuza raketi ija, n'kuiyandikiza kumaso, kenaka anasolola kanthu pakati pa zingwe.

"Izi ntambo sizinaduke na bola iyayi. Ona ubweya uyu. Nindani amenyela mabulangeti na raketi?"

Apongozi anayang'ana nkhuku imene inkadutsa, ngati sanaonepo nkhuku chibadwire.

"Ine ndimayesa n'chokunthira," anatero potsiriza. "Chimachotsa fumbi bwino kwabasi."

Ndinakwiya, sindibisa. Raketi imeneyo inali chinthu chokhacho m'nyumba muja chimene chinali changa ndisanakhale mkazi wa munthu. Koma apongozi sakalipiridwa, ndiye ndinangoyamba kusewera ndi Taonga.

Mwina ndi manyazi, mwina ndi chidwi chabe, apongozi anakokera kampando pafupi ndi makina aja. Anafunsa chifukwa chimene chingwe chilichonse amachikoka payekhapayekha. A Chanda anafotokoza kuti zingwe zikalimba kwambiri mpira supita patali, zikalefuka umauluka ngati wopenga. Apongozi anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye sizikusiyana ndi kuluka lichero. Posakhalitsa anali atagwirizira nsonga ya chingwe, uku akuwauza a Chanda kuti apa mwadumpha. Kenaka anawafunsa funso lawo lija la mzungu ndi mwana wake.

"Kamera siionetsa ivo, ba mayo," anayankha a Chanda. "Koma muntu alipo. Kulibe mukazi angamenye bola so ngati mutima uli ku mwana."

Apongozi anangoti "mhm", monga amachitira akamva mtengo wa mafuta ophikira.

Tinachoka ku Matero pa basi yobwerera m'tauni dzuwa lili paliwombo, raketi ikulira ngiii ndikaigogoda pachikhatho. Pa msewu wa Lumumba magalimoto anali atathithikana, malole akutifukizira utsi. Ndinkangoyang'ana nthawi pafoni, thukuta lili kamukamu. Basi yachinayi, ya ku Kalingalinga, inatitsitsa pafupi ndi amisiri amene amayala mabedi ndi mageti m'mbali mwa msewu, kutatsala mphindi khumi zokha. Ndinadabwa kuona apongozi, amene kunyumba amati mawondo awatha, akundisiya m'mbuyo.

Kabwalo kaja kanali kakale komweko, simenti itang'ambika, neti ataigamba ndi waya. Atsikana angapo anali atakhala pansi m'mbali. A Mwansa, amene tsopano anali ndi dazi, sanataye nthawi ndi malonje.

"Tisa, wafika. Ika mwana pansi, tione."

Ndinamupereka Taonga kwa apongozi, ndipo analira ngati ndamutaya pamsika. Mwana ameneyu anali asanalolepo msana wa munthu wina. Mpira woyamba unandidutsa ndikucheuka. Wachiwiri ndinaumenyera mu neti. Wachitatu unagwera patali pang'ono, ndipo nditati ndithamange, chitenje chinandimanga miyendo, ndinangotsala pang'ono kudya simenti. Atsikana aja anayamba kunong'onezana. A Mwansa anayang'ana wotchi yawo, ndipo ndinadziwa kuti mabasi anayi aja ndakwerera pachabe. Misozi inalengeza m'maso.

Apo ndi pamene ndinamva mawu amene amadzutsa nyumba yonse m'mawa.

"Amake Taonga! Vula chitenjecho!"

Ndinacheuka. Apongozi anali atamubereka kale Taonga, akudumphadumpha naye kuseri kwa mpanda.

"Ndati vula! Mzungu uja unamuona atamanga chitenje? Ndipo usayang'anenso kuno, mwana ali ndi eni ake. Yang'ana kampirako!"

M'kati ndinali nditavala buluku la masewera, lomwe ndinkayesa kuti iwo sakulidziwa. Ndinamasula chitenje n'kuchikoleka pa mpanda. Mpira wotsatira ndinaupeza bwinobwino, ndipo kulira kwake pa zingwe zatsopano kunandikumbutsa zonse zimene ndinkaopa kuti ndaiwala. Sindinasewere ngati wa ku Germany uja, ayi, mapapo anali kuyaka ndipo ina ndinkaiphonyabe. Koma ndinawathamangitsa a Mwansa uku ndi uku mpaka anakweza dzanja, akupumira m'mwamba.

"Dzanja ilipo, miyendo ndiye yagona," anatero. "Uzayamba Satade. Manje mwana uzamusiya na ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa, yankho linachokera kuseri kwa mpanda.

"Inu aphunzitsi, mukuona ngati ine ndabwera kudzaona simenti?"

Taonga anali atagona tulo tofa nato, tsaya lili pa phewa la agogo ake.

Pobwerera, m'basi ya ku Chawama, ndinaoneranso mzimayi wa ku Germany uja. Ulendo uno sindinayang'ane iye, ndinkayang'ana anthu okhala m'mbali mwa bwalo, kufunafuna amene wanyamula mwana. Sindinamuone, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti ndi ndani. Apongozi anali atailanda raketi ija n'kuifungata pamiyendo, kuopa kuti thumba la makala la munthu wina lingaikhudze. Titayandikira kunyumba anandigunyuza ndi chigongono.

"Uwauze a ku Katete kuti ndikhalako pang'ono. Loweruka tinyamuka nthawi yanji?"